Sikelo ya Loweruka

Ntchito yanga ndi kuyeza.
Lolemba mpaka Lachisanu ndimakoleka madengu a tiyi pa ngowe,
singano ikanjenjemera n'kuima, ndimalemba.
Makilo sanama. Ndinkatero ine.

Lero ndavala nsapato za kutchalitchi,
mwana kudzanja,
kutsata Mulipa, dobadoba wa jekete lofiira,
amene wandidya kale faifi sauzande
ya "kungoona chabe, mayi."

Yoyamba ili pa Chitakale, pamwamba pa shopu ya simenti,
masitepe khumi ndi anayi opanda chogwirira.
Lole ya esiteti imaima pakhomo penipeni.
Kudzuka, kusukusula, kukwera. Basi.
Koma kuseli kuli bala
ndipo khoma lake ndi khoma langa.
Ndaikapo dzanja: likugunda ngati chifuwa cha wothawa agalu,
chonsecho ili teni koloko m'mawa.
Miyezi itatu pamodzi, watero mwini wake,
maso ali pa foni.

Yachiwiri ku Boma, kumtunda kwa chipatala.
Matailosi. Siling'i. Giza yomwe akuti inkagwira.
Pa windo la kukhitchini phiri lonse lalowa,
mathithi atalendewera ngati ulusi wosololoka pa malaya,
mpaka ndaiwala kufunsa za madzi.
Atatchula mtengo ndangoti, "Chabwino,"
chabwino wa munthu amene sadzabweranso.
Phiri lomwe ndaliona ulere chibadwire
lero alithira mu lendi.

Yachitatu ku Nkhonya, cha mkati,
komwe kabaza amayamba wafunsa ngati kwagwa mvula.
Mdadada wa makomo asanu ndi limodzi.
Mpopi umodzi, wokhoma ndi loko,
kiyi ali m'khosi mwa Mayi Nakhumwa a khomo loyamba.
Mita imodzi. Mayunitsi n'kusonkha.
Pakhoma amata pepala la mayina,
ena achongedwa,
limodzi alizunguliza katatu ndi bolopeni yofiira.
"Uyo ali ndi mbaula ya magetsi, koma amakana."
Mabafa awiri, lina chitseko chake ndi thumba la feteleza.
Chingwe choyanikira n'chimodzi,
ndipo ndikudziwa, chiperoni chikakhala sabata yathunthu
ndewu idzayambira pa thewera losauma.

Ndinali nditatembenuka kale
pomwe Tamvana anatsokomola,
chifuwa chake chija cholira ngati wenzulo wong'aluka.
Khomo lachinayi linatseguka.
Mayi wina, manja ali thovu lokhalokha:
"Ndi mphumu eti? Wanganso.
Usiku zikavuta mudzangogogoda,
bambo a kuno ali ndi njinga yamoto.
Ikakhala nkhani ya mwana sitiwerenga petulo."
Analowanso.
Ngakhale dzina sindinafunse.

Tsopano kwada.
Ndayala manambala kuseli kwa pepala la malipiro:
lendi, kabaza, mayunitsi, makala, fizi.
Chitakale yapambana ndi seveni sauzande.
Ndawonkhetsa kawiri, kachitatu ndi kakyuleta ya pa foni.
Yapambanabe.

Nanga mawu a mayi wa thovu ndiwalembe mumzere uti?
Tulo ta mwana n'makilo angati?
Kuntchito timachotsera kulemera kwa dengu
kuti titsale ndi masamba okha,
mvula ikagwa timachotseranso za madzi,
othyola akung'ung'udza pamzere.
Palibe anandiphunzitsa kuchotsera makoma
kuti nditsale ndi anthu.

Walira mvula walira matope, ndikudziwa.
Ndikudziwa kuti tsiku lina dzina lozunguliridwa lidzakhala langa,
kuti ndidzaima ndi ndowa faifi koloko
a Nakhumwa akadali mkonono,
lole ikundisiya kumsewu.

Foni ikulira. Mulipa.
"Mayi, mwaganiza bwanji? Pali ena akuzifuna."
Tamvana wagona chammbali, kupuma kwake kukumveka mpaka kuno.
Singano ikunjenjemerabe.
"Tandiuzani," ndatero,
"kudulitsa kiyi wachiwiri wa mpopi uja
kungakhale ndalama zingati?"